Thandizo Lopanda Chipongwe: Mbiri ya Nchito Yosamalira Anthu ku Britain

Munthu wopatsa mnzake chakudya ali ndi mphamvu pa iye. Mau awa angaoneke achilendo, pakuti tonse tidaphunzitsidwa kuyambira paubwana kuti kupatsa ndi chinthu chabwino, ndipo nchabwinodi. Koma taganizani za mlendo amene wafika pakhomo panu usiku, mvula ikugwa, njala itamgwira. Inu muli ndi nsima, muli ndi moto, muli ndi mphasa. Iye alibe kanthu. Mukamuuza kuti ayambe wagwada asanadye, adzagwada. Mukamfunsa mafunso ochititsa manyazi, adzayankha. Satero chifukwa chokulemekezani ai, koma chifukwa m'mimba mwake mulibe kanthu.

M'kabuku kano ndifuna kukufotokozerani mbiri ya nchito ya anthu olembedwa ndi Boma kapena mabungwe kuti azisamalira ana amasiye, okalamba, olumala, odwala ndi mabanja osauka. Kwathu kuno timawatcha a zachisamaliro cha anthu. Dziko la Britain ndi limodzi mwa maiko amene nchito imeneyi idabadwirako, ndipo ifenso tidailandira kuchokera komweko m'nthawi ya atsamunda. Mbiri yake ili ndi zokoma zambiri, komanso ili ndi zoliritsa, ndipo zoliritsazo zambiri zidachitidwa ndi anthu amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuchita zabwino.

Chilembo cha paphewa

M'chaka cha 1601, m'masiku otsiriza a Mfumukazi Elizabeth woyamba, Nyumba ya Malamulo ya ku England idakhazikitsa lamulo la amphawi. Dziko lonse lidali logawidwa m'timadera ting'onoting'ono, kalikonse kozungulira tchalitchi chake. Lamulo lidati kadera kalikonse kazisonkhetsa msonkho kwa eni nyumba ndi eni minda, ndipo ndalamazo zizidyetsa okalamba ndi odwala, zizipezera nchito anthu amphamvu osowa chochita, ndi kuphunzitsa ana amasiye nchito zamanja. Tisalinyoze lamulo limeneli, pakuti lidavomereza chinthu chachikulu, chakuti njala ya munthu mmodzi ndi mlandu wa mudzi wonse.

Koma wosonkha msonkho sakondwa. Posakhalitsa kadera kalikonse kadayamba kufunsa kuti, "Kodi mmphawi uyu ngwathu, kapena ngwa kwina?" Mu 1662 lamulo lina lidalola kuti mlendo wooneka kuti adzasowa thandizo abwezedwe kumene adachokera. Akazi osakwatiwa amene adali ndi pakati ankapirikitsidwa kuti akachirire kutsidya kwa malire, kuti mwanayo akakhale mtolo wa kadera kena. Ndipo mu 1697 kudadza lamulo lakuti aliyense wolandira thandizo, pamodzi ndi mkazi wake ndi ana ake, azivala chilembo cha P chosokedwa paphewa la dzanja lamanja, cha nsalu yofiira kapena yabuluu. Chilembocho chinkaimira mau a Chingerezi otanthauza mmphawi. Wokana kuvala ankammana thandizo, mwinanso kumtsekera. Lamuloli lidafafanizidwa mu 1810.

Pamene ndidawerenga koyamba za chilembo chimenechi ndidagwidwa ndi manyazi, ndipo sindibisa chifukwa chake. Chaka china anthu akufuna kwabwino adatumiza kusukulu kwathu makope, sopo ndi mabulangeti kuti tigawire ana amasiye. Ine ndidaimirira pamzere wa m'mawa, ana onse ali chete, ndi kuyamba kuitana maina. Woitanidwa aliyense ankabwera kutsogolo, nagwada, nalandira, anzake akuomba m'manja. Ndinkayesa kuti ndikuchita mwachilungamo, kuti onse aone kuti mphunzitsi wamkulu sadabise kanthu. Mtsikana wina wa sitandade 6 sadatuluke pamene ndidatchula dzina lake, ngakhale ndinkamuona ali pamzerepo. M'mawa mwake sadabwere kusukulu, ndi mkuja womwe. Nditapita kwa agogo ake, iwo adandilandira bwino, nandiuza mofatsa kuti, "Aphunzitsi, mwanayu adachokera kutali. Anzake sankadziwa kuti mai ake adatisiya. Tsopano akudziwa onse." Bulangeti lija lidali m'khwapa mwanga, ndipo ndidasowa poliika.

Nyumba ya nchito

Pofika zaka za m'ma 1830 ndalama zothandizira amphawi zidakwera kwambiri, ndipo olemera adadandaula. Boma lidasankha bungwe lofufuza mu 1832, ndipo amene adalemba lipoti lake makamaka adali Nassau Senior ndi Edwin Chadwick. Awiriwa sadali zigawenga. Adali anthu ophunzira, okhulupirira kuti apeza muzu wa vuto. Chiphunzitso chao chidali ichi: munthu ukamthandiza mosavuta amasanduka mlesi, tsono moyo wa wolandira thandizo uyenera kukhala wowawa kuposa moyo wa wanchito wosaukitsitsa amene akudzidyetsa yekha. Pa chiphunzitso chimenechi padamangidwa lamulo latsopano la 1834. Timadera tija tidaphatikizidwa, ndipo padamangidwa nyumba zikuluzikulu zotchedwa workhouse, ndiko kunena nyumba ya nchito. Munthu wamphamvu wofuna thandizo adayenera kulowa m'menemo ndi banja lake lonse.

Banja linkathera pachipata pomwepo. Mwamuna ankapita mbali yake, mkazi mbali yake, ana mbali yao, ndipo pakati pao padali makoma. Zovala zao zinkatengedwa, navekedwa zofanana za nyumbayo. Nchito yao idali kuswa miyala, kumasula ndi zala zingwe zakale za m'zombo, kapena kusinja mafupa a nyama opangira feteleza. Ku Andover, m'chaka cha 1845, kudamveka nkhani imene idagwedeza dziko: amuna osinja mafupa adali ndi njala yotere kuti ankalimbirana mafupa owolawo kuti akukute minofu yotsalira ndi kuyamwa mafuta a m'kati. Nyumba ya Malamulo idafufuza, kusinja mafupa kudaletsedwa, ndipo mu 1847 bungwe loyang'anira lamulolo lidachotsedwa ndi kuikapo lina. Koma chiphunzitso chija chidatsala chili chiimire.

Kunena zoona, amphawi ambiri adapitirirabe kulandira thandizo ali kwao, chifukwa kusunga anthu m'nyumba zotere kudali kodula. Komabe mthunzi wa nyumbayo udaphimba osauka onse. Okalamba ena ankalolera kufa ndi njala m'tizipinda tao kusiyana ndi kukagogoda pachipata chija. Ngakhale pamene amuna osauka adayamba kuloledwa kuvota, wolandira thandizo la amphawi ankataya ufulu umenewo mpaka 1918. Mlembi wotchuka Charles Dickens adalemba buku la Oliver Twist podzudzula nkhanza zimenezi, ndipo Charlie Chaplin, amene pambuyo pake adaseketsa dziko lonse m'mafilimu, adalowa m'nyumba ya nchito ina ya mu London mu 1896 ali ndi zaka 7, nalekanitsidwa ndi mai ake.

Ofufuza ndi okhala nao pamodzi

Nchito yosamalira anthu monga tiidziwira lero idaphuka pa nthaka imeneyi, ndipo idaphuka mitengo iwiri yosiyana. Woyamba udali bungwe lotchedwa Charity Organisation Society, limene lidayamba ku London mu 1869. Anthu ake ankadandaula kuti mphatso zachifundo zikungomwazika popanda dongosolo. Tsono adayamba kuyendera banja lililonse lopempha, kufunsa anansi, kufunsa abwana akale a mwamunayo, ndi kulemba zonse m'mabuku. Njira imeneyi yodziwa banja lililonse palokha ndi yabwino, ndipo ilipobe mpaka lero. Cholakwika chidali funso limene ankafuna kuyankha: kodi uyu ndi mmphawi woyenera, kapena wosayenera? Mkazi wamasiye waukhondo, wosamwa mowa, wodziwa kuthokoza, ankathandizidwa. Mnzake wa nyumba yauve kapena wa pakamwa polimba ankamlozera njira ya ku nyumba ya nchito, ngakhale ana a onse awiri adali ndi njala imodzimodzi.

Mtengo wachiwiri udabzalidwa mu 1884, pamene m'busa Samuel Barnett ndi mkazi wake Henrietta adatsegula nyumba yotchedwa Toynbee Hall ku Whitechapel, dera losauka la kum'mawa kwa London. Iwo adaitana anyamata a ku yunivesite kuti adzakhale pakati pa osauka monga anansi, osati monga alendo odzafunsa mafunso ndi kubwerera madzulo. Munthu amene ukhala naye khomo limodzi umaona zimene wongodutsa saona. Jane Addams adaona nyumbayi, nakatsegula yofanana nayo ku Chicago mu 1889.

M'zaka zomwezo anthu awiri olemera adachita chinthu chosavuta koma champhamvu: adawerenga. Charles Booth adawerenga anthu a mu London napeza kuti pafupifupi 30 mwa anthu 100 aliwonse adali mu umphawi. Seebohm Rowntree adafufuza mzinda wa York mu 1899, napeza pafupifupi 28 mwa 100. Chimene chidadabwitsa koposa chidali chifukwa chake. Mwa osaukitsitsa a ku York, pafupifupi theka adali m'mabanja amene bambo ankapita kunchito tsiku ndi tsiku, koma malipiro ndiwo adali osakwanira. Enawo adasaukitsidwa ndi imfa ya bambo, ukalamba, matenda kapena kuchuluka kwa ana. Apa chiphunzitso cha 1834 chidayamba kugwedezeka, pakuti sungachiritse ndi manyazi munthu amene nthenda yake ndi malipiro ochepa.

Zotsatira zake tizidutse mofulumira. Mu 1909 okalamba osauka a zaka 70 adayamba kulandira masheleni 5 pa sabata ku positi ofesi, osadzera kwa oyang'anira amphawi. William Beveridge, amene ali mnyamata adagwirako nchito ku Toynbee Hall, adalemba lipoti lake lotchuka mu 1942. Ndipo Clement Attlee, amenenso adadzera pa nyumba yomweyo, ndiye adali Nduna Yaikulu pamene lamulo la 1948 lidathetseratu lamulo la amphawi, patapita zaka 347. Chaka chomwecho kudadzanso lamulo la ana. Lidadza chifukwa mu Januwale 1945 mnyamata wa zaka 12, amene khonsolo idampereka kuti akaleredwe pa famu ina ku Shropshire, adafa ndi njala ndi kumenyedwa, popanda wa Boma womuyendera mokwanira. Kuyambira pamenepo khonsolo iliyonse idayenera kukhala ndi ofesi ya ana ndi anthu ophunzira nchitoyo.

Ana a m'zombo

Munthu angayese kuti nkhanza zidathera pamenepo. Koma tsopano tafika pa gawo limene limandiwawa koposa, chifukwa lidachitika m'masiku a agogo athu, ndipo mbali ina lidachitikira pafupi ndi ife.

Kuyambira mu 1869 mabungwe achifundo a ku Britain adayamba kutumiza ana osauka kutsidya kwa nyanja. Ku Canada kokha kudapita ana opitirira 100,000, ambiri kukagwira nchito m'mafamu ndi m'nyumba za anthu. Otumizawo ankati akupulumutsa ana ku misewu yauve ndi kwa makolo oipa. Koma padalinso zifukwa zina zimene sankazibisa konse. Kusunga mwana kutsidya kudali kotsika mtengo, ndipo maiko a mu ufumu wa Britain ankafuna kuchulukitsa anthu oyera khungu.

Mmodzi wa otsogolera nchito imeneyi adali Kingsley Fairbridge, amene adabadwira ku South Africa mu 1885 nakulira ku Umtali, kumene lero timati Mutare. Ali mnyamata adayang'ana zigwa za dzikolo naona ngati nzopanda anthu, ndipo adalota zozidzaza ndi alimi ochokera ku Britain. Zigwazo sizidali zopanda anthu. Zidali ndi eni ake, Ashona, koma maso ake sadawawerenge. Mu 1909 adayambitsa bungwe lake ku Oxford, natsegula sukulu ya ulimi ku Pinjarra, ku Australia. Iye adamwalira mu 1924, koma mu 1946 kudatsegulidwa sukulu yomkumbukira pafupi ndi Bulawayo, pa bwalo lakale la ndege za nkhondo. Kufikira 1962 ana pafupifupi 300 adatumizidwa kumeneko kuchokera ku Britain, kuti akakule ndi kulowa m'gulu la Azungu olamulira dzikolo. Kumbukirani kuti zambiri mwa zaka zimenezo ndi zomwe dziko lathu la Nyasaland lidamangidwa m'Chitaganya ndi maiko awiri a Rhodesia. Motero mwana wosauka wa ku Britain, amene naye adali wochotsedwa kwao, adasandutsidwa njerwa yomangira khoma lotsekereza mwana wakuda.

Nkhondo yachiwiri itatha, ana pafupifupi 4,000 adatumizidwa kunja, ambiri ku Australia, ndipo otsiriza adapita mu 1970. Ambiri mwa iwo sadali amasiye. Adali ana a akazi osakwatiwa, kapena a mabanja amene adagwa m'mavuto naika ana m'nyumba zosungirako ana, akuyembekeza kudzawatenga zinthu zikakhala bwino. Ana ena adauzidwa kuti makolo ao adafa. Makolo ena pobwera kudzatenga ana ao adauzidwa kuti adatengedwa ndi mabanja abwino a ku Britain komweko. Maina ndi masiku obadwa a ena adasinthidwa, ndipo abale a mimba imodzi ankalekanitsidwa potsika chombo. M'malo ena, monga ku Bindoon kumadzulo kwa Australia, anyamata aang'ono ankanyamula miyala ndi kumanga okha nyumba zikuluzikulu za sukuluyo. Ambiri adamenyedwa, ndipo ambiri adagwiriridwa ndi anthu amene adayenera kukhala atate ao.

Kodi lamulo lidali kuti? Lamulo la ana la 1948 lidati mwana wosungidwa ndi khonsolo asatumizidwe kunja popanda chilolezo cha nduna, ndipo makhonsolo ambiri adakana kutumiza ana ao. Koma za ana a m'manja mwa mipingo ndi mabungwe, lamulolo lidangoti nduna ingathe kulemba malamulo owateteza, ndipo malamulo amenewo sadalembedwe mpaka 1982, ana onse atapita kale. Mu 1956 Boma lidatuma anthu otsogozedwa ndi John Ross kukayendera nyumbazo ku Australia. Iwo adabwera ndi mbiri yoipa ya nyumba zingapo, koma mbali yowawa ya lipotilo idabisidwa, poopa kukwiyitsa Boma la Australia ndi mabungwe olemekezeka. Zombo zidapitirira kunyamuka. Pa zonsezi palibe amene adaganiza zofunsa mwana, kapena kumkhulupirira akadandaula.

Mau a othandizidwa

M'zaka za m'ma 1970 anchito osamalira anthu adayamba kudzifunsa mafunso owawa. Bungwe lao la dziko lonse lidakhazikitsidwa mu 1970, ndipo mu 1975 lidalemba malamulo a khalidwe la wanchito. Chaka chomwecho Roy Bailey ndi Mike Brake adatulutsa buku lotsutsa chizolowezi chofunafuna cholakwa mumtima mwa mmphawi pamene cholakwa chenicheni chili m'nyumba yodontha ndi m'kusowa kwa nchito.

Koma mau amphamvu koposa adachokera kwa othandizidwa eni ake, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu olumala, amene ambiri adali atatsekeredwa m'nyumba zosungirako anthu moyo wao wonse, adayamba kudzilankhulira. Mike Oliver, mphunzitsi amene iye mwini ankayenda pa njinga ya olumala, adafotokoza mu 1983 ganizo limene lidasintha zambiri. Tiliyerekeze motere. Munthu wa panjinga wafika pa ofesi ya masitepe khumi, ndipo walephera kulowa. Kale ankati vuto lili m'miyendo yake. Oliver ndi anzake adati vuto lili m'masitepe, ndi mwa amene adamanga ofesiyo osamkumbukira iye. Miyendo sungaisinthe, koma masitepe ungawagumule.

Anthu akuda ochokera ku zilumba za Caribbean, ku Africa ndi ku Asia naonso adadandaula kuti ana ao akutengedwa ndi Boma mochuluka kuposa a Azungu, ndi kuti maleredwe ao akuyesedwa ndi muyeso wa mtundu wina. Mu 1988 Lena Dominelli adalemba buku lonena za kuthetsa tsankho la mtundu m'nchito imeneyi, ndipo mu 1989 bungwe loyang'anira maphunziro a nchitoyi lidalamula kuti wophunzira aliyense asalandire satifiketi asanaonetse kuti angathe kuzindikira tsankho ndi kulimbana nalo. Neil Thompson adaphunzitsa kuti kuponderezana kuli ndi mizu itatu yolukana. Wina uli mumtima mwa munthu mmodzi, wina uli m'zizolowezi ndi nthabwala za gulu zimene palibe amazifunsa, ndipo wina uli m'makonzedwe a chuma ndi malamulo. Wanchito angakhale wa mtima wabwino zedi, koma ngati fomu imene wanyamula ili m'chinenero chimene nkhalamba siimva, ndipo ofesi yake ili kutali kosafikika ndi wosauka, iye akupondereza ngakhale akumwetulira.

Chiphunzitso chonsechi chimafuna kuti wanchito ayambe wavomereza mphamvu imene ali nayo, osadzinamiza kuti iye ndi bwenzi chabe. Auze munthu poyera zimene lamulo limlola kuchita ndi zimene munthuyo angakane. Asalembe za munthu zimene sangathe kumwerengera maso ndi maso. Afunse asanalamule, ndipo asunge chinsinsi. Ena adanyoza kuti zonsezi zidasanduka kusankha mau okoma chabe, ndipo mu 1995 zina mwa zofunika zija zidachepetsedwa m'maphunziro. Ine ndiona kuti onyozawo adali ndi mfundo pang'ono, pakuti nkwapafupi kusintha dzina loitanira mmphawi kusiyana ndi kusintha mmene umamkhazikira pampando.

Malamulo adatsatira pambuyo. Lamulo la ana la 1989 lidati ubwino wa mwana ndiwo uzikhala patsogolo pa bwalo la milandu, kuti maganizo ndi zofuna za mwanayo zizimvedwa monga mwa msinkhu wake, ndi kuti khonsolo posamalira mwana izilabadira chipembedzo chake, mtundu wake, chikhalidwe ndi chinenero cha kwao. Lamulo la ufulu wachibadwidwe la 1998 lidapatsa banja mphamvu yosumira Boma likalowerera m'nyumba mopitirira muyeso. Ndipo lamulo la 2005 lonena za anthu ofooka nzeru lili ndi mfundo imene ndimaikonda, yakuti munthu asayesedwe wosatha kudzisankhira chifukwa chokha chakuti wasankha zimene ena aziona ngati zopanda nzeru.

Pano ndiyenera kukuchenjezani, awerengi anzanga, kuti musayese kuti nkhaniyi ndi yapafupi, ngati kuti mankhwala ake ndi kungosiya mabanja okha. Njira ili ndi maenje mbali zonse ziwiri. Ku Cleveland mu 1987 ana 121 adachotsedwa kwa makolo ao m'miyezi yowerengeka poganiziridwa kuti akugwiriridwa, ndipo pambuyo pake ambiri adabwezedwa kwao. Pamenepo Boma lidathamanga kwambiri. Koma mu Febuluwale 2000 mtsikana wa zaka 8 wochokera ku Côte d'Ivoire adafa ku London atazunzidwa miyezi yambiri ndi wachibale womlera pamodzi ndi mwamuna amene ankakhala naye. Mwanayo adali ataonedwa ndi anchito osamalira anthu, apolisi ndi madokotala. Kafukufuku wa Lord Laming, amene adatuluka mu 2003, adamva kuti mwanayo ankaimirira chilili mwamantha pamaso pa womlerayo, ndipo ena ankayesa kuti umenewo ndi ulemu wa ana a anthu akuda. Ife amene tidakula tikugwadira akulu tikudziwa bwino kusiyana kwa mwana waulemu ndi mwana wamantha. Kulemekeza chikhalidwe cha munthu popanda kuchidziwa ndi tsankho linanso, ndipo wophedwa nalo adali wochepetsetsa m'nyumbamo, amene palibe adakhala naye pansi mokwanira kuti amve za kukhosi kwake.

Kalata yochokera ku Australia

Tibwerere kwa ana a m'zombo aja, pakuti mlandu suola. Mu 1986 Margaret Humphreys, mai wogwira nchito yosamalira anthu ku Nottingham, adalandira kalata kuchokera kwa mai wina wa ku Australia. Maiyo adati adakwezedwa chombo ali ndi zaka zinai, wopanda kholo, ndipo ankafuna kudziwa kuti iye ndi yani. Humphreys poyamba sadakhulupirire kuti dziko lake lingachite zotere. Koma sadataye kalatayo. Adayamba kufufuza m'mabuku a obadwa ndi akufa, napita ku Australia, nalengeza m'nyuzipepala, ndipo anthu mazanamazana adabwera, amuna ndi akazi a imvi, ambiri opanda ngakhale chikalata cha kubadwa kwao. Mu 1987 adayambitsa bungwe lotchedwa Child Migrants Trust. Nchito yake yaikulu idali kumvetsera, kukhulupirira, ndi kufunafuna abale. Ena adawapezera mai ao akali moyo, nkhalamba zimene zidakhala zaka makumi anai kapena asanu zikuyesa kuti mwana wao akukula bwino m'mudzi wina wa ku England. Ena adawapezera manda okha.

Mabungwe ndi maboma adazengereza zaka zambiri. Pa 16 Novembala 2009 Nduna Yaikulu ya Australia, Kevin Rudd, idapepesa. Pa 24 Febuluwale 2010 Gordon Brown adapepesa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, nakhazikitsa thumba la mapaundi 6 miliyoni lolipirira maulendo okaonana ndi abale. Mu 2018 bungwe lofufuza nkhanza zochitira ana lidagamula kuti mlandu waukulu udali pa Boma la Britain lenilenilo, chifukwa lidadziwa koma lidalola nchitoyo kupitirira. Chaka chotsatira Boma lidayamba kupereka mapaundi 20,000 kwa aliyense amene adatumizidwa kunja ali mwana, kuphatikizapo aja a ku Bulawayo. Ndalamazo zidali za okhao amene adali moyo pa 1 Malichi 2018. Amene adamwalira tsikulo lisanafike sadawerengedwe.